Masamba Pamsewu wa ku Lisbon

Mayi Evelina Kamtambe ndi mmodzi wa amayi aja amene ukawaona pa siteji ya basi ku Lafayette Road, mumzinda wa Indianapolis, atavala chijekete ndi nsapato zoyera za ku ntchito, sungawacheukire kawiri. Ndi aafupi, odzaza thupi, ndipo amatsimphina pang'ono chifukwa cha bondo lamanzere. M'chikwama mwawo simusowa zinthu zitatu: mankhwala a bondolo, duku, ndi chitenje chopinda bwino. Amati mkazi wosayenda ndi chitenje ndi mkazi amene akuganiza kuti tsikulo alidziwa kale mathero ake.

Adabadwira kufupi ndi Lizulu m'boma la Ntcheu, kumene msewu waukulu ndiwo malire, mbali ino Malawi, mbali inayo Mozambique. Bambo awo adali a mbali inayo. Adathawa chibalo cha Apwitikizi akadali mnyamata, ndipo mpaka imfa yawo, akamva dzina loti Mpwitikizi ankalavulira pambali. Evelina adakula akukwera zitunda ndi dengu la kachewere pamutu, chifunga chili ndi ndi ndi m'zigwa, mapazi atang'aluka ndi chisanu cha mu June. Adakwatiwa ndi mphunzitsi wa ku Kandeu, a Chester Kamtambe, munthu wamtali, woseka ndi mapewa, amene ankakonda kuwerenga nyuzi mokweza ngakhale palibe womvera.

M'chaka cha 1998 a Chester adapeza malo a maphunziro ku America. Patatha chaka Evelina adawatsatira ali ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Sophia, wa zaka zinayi, ndipo banjalo lidakhazikika ku South Bend, mzinda wa m'chigawo cha Indiana. Adagwirizana kuti akhala zaka zinayi basi. Zinayizo zidabala zina. A Chester ankayendetsa galimoto yonyamula odwala opita kukaonana ndi madokotala, mayi Evelina ankagwira ntchito kunyumba yosungirako okalamba, kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza pabedi kuti asatuluke zilonda. Chimene sadachizolowere konse ndi dziko lenilenilo. Indiana ndi mphasa yoyala. Chimanga chili mbali zonse mpaka kothera maso, koma popanda ndi kachulu komwe koti munthu n'kuimapo n'kuona kumene wachokera.

Kumayambiriro kwa 2020 a Chester adapita kumudzi kukafoletsa malata nyumba imene ankamanga yoti akapumiremo ukalamba. Adati akakhala milungu isanu ndi umodzi. Mliri wa korona udagwa, ndege zidaima, ndipo zitayambanso kuuluka iwo adati amalizitse kaye mazenera ndi zitseko. Mu January chaka chotsatira adayamba kutsokomola Lachiwiri, Loweruka adatisiya, ndipo mawa lake adaikidwa ndi anthu ovala zoyera zobisa nkhope, abale ataima patali.

Mayi Evelina adaonera mwambo wonsewo pa foni. Ku South Bend kudali kutangocha, chipale chili mbuu pazenera. Mng'ono wa malemuwo, a Hamilton, ndiwo adagwira foni kumandako, chithunzi chikudukaduka. Mayiwo adamva kulira kukukwera kuchokera m'mimba, adayasamula kuti abume monga amabumira mkazi kwawo, koma adakumbukira kuti zipupa za nyumbayo n'zopyapyala, kuti woyandikana naye ndi mzungu wodwala mtima amene adaitanapo apolisi chifukwa cha wailesi chabe. Adaluma pilo. Adati akalira bwino anthu akabwera.

Anthu sadabwere, poti sikudali kololedwa. Amalawi a ku South Bend ndi anthu abwino. Adasiya zakudya pakhomo, n'kugogoda, n'kuthamangira m'galimoto. Adapemphera nawo pa kompyuta, tinkhope makumi atatu m'timabokosi, nyimbo ikufika yothyokathyoka, aliyense pa liwiro lake. Sophia, yemwe ndi namwino ku Indianapolis, adali m'chipinda cha odwala mliri womwewo ndipo sakadayandikira mayi ake. Akale adati maliro n'kulirana. Panalibe wolirana naye. Pamene anthu adaloledwanso kuyenderana, misozi idali itapita kumene idapita. Ankaifuna m'tchalitchi, ankaifuna atagwira malaya a malemuwo, koma m'maso mudali gwa.

Chaka chotsatira Sophia adawatenga kukakhala nawo ku Speedway, dera lina la ku Indianapolis, m'nyumba ya njerwa zofiira imene mazenera ake amanjenjemera mwezi wa May galimoto za mpikisano zikamathamanga. Adapeza ntchito ya masiku atatu pa mlungu kunyumba ina ya okalamba ku Beech Grove. Mwana wawoyo amawakonda, koma amachoka mmamawa n'kubwera atatopa, ndipo mayi akayankhula Chichewa iye amayankha m'Chingerezi, mwachidule, maso ali pa foni.

Kumudzi ankawadikira. Chaka choyamba adati mliri, chachiwiri adati ntchito, chachitatu adati bondo. Chenicheni sadauze munthu. Kwawoko, wachibale amene maliro adamupeza ali kutali salowa m'mudzi ngati mlendo wamba. Amayambira kulira panjira, amayi amatuluka kukamuchingamira, amamugwira m'mapewa, kenaka amamuperekeza kumanda, ndipo mudzi wonse umamva. Tsono mkazi wamasiye akafike pamanda a mwamuna wake maso ali ouma ngati mwala? Mayi Evelina ankawadziwa amayi a ku Kandeu, ankawadziwa ndi mayina. Ankamva kale zimene akanene pamjigo: kuti ndalama za ku America zidawaumitsa mtima, kuti adamukankhira dala mwamunayo kumudzi, kuti mwina imfayo akuidziwa bwino. Kulira konamizira sakadatha, ndipo a Chester sadali munthu woti n'kumunamiza.

Mu June 2024 a Hamilton adaimba foni atasiya nthabwala zawo za masiku onse. Adati abale akhala pansi, ndipo agwirizana kuti chiliza cha akulu awo chimangidwe mu August, anthu atakolola. Adikira zaka zitatu, manda ayamba kutitimira, sangadikirenso. Ngati alamu abwera, anene pofika Lamulungu kuti uthenga upite kwa abale a ku Balaka ndi ku Lilongwe. Ngati sabwera, anenenso, mwambo uchitika iwo kulibe. Mayi Evelina adati amva, ayankha.

Mlungu womwewo Sophia adali ndi msonkhano wa anamwino ku Lisbon, likulu la dziko la Portugal, ndipo adali atawagulira kale tikiti mayi ake kuti akapitidweko mphepo. Iwo sadafune. Adati akatani kwa Apwitikizi, bambo awo angatembenuke m'manda. Koma kutsala okha m'nyumba, foni ili patebulo ikudikira yankho, kudawaopsa kuposa ndege, ndipo adapita.

Adafika Lachinayi. Lachisanu mmamawa Sophia adawapatsa khadi la hotela, adawaonetsa kadontho kabuluu ka pa mapu a m'foni, n'kupita ku msonkhano wake. Mayi Evelina adatuluka okha, ndipo atangokhota pangodya adaima. Msewu udali utaimirira patsogolo pawo ngati njira ya ku Tsangano. Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu miyendo yawo idali isadakumane ndi chitunda. Adayamba kukwera, bondo likudandaula, ndipo adazindikira kuti thupi lawerama lokha, mapazi akuponda chammbali, monga lidaphunzirira kalekale ndi dengu pamutu.

Mzindawo udawadabwitsa. Iwo ankayesa kwawo kwa anthu amene adazunza bambo awo kudzakhala kwa nyumba zonyada, zowala. Adapeza nyumba zokalamba zotsamirana ngati nkhalamba pa mzere wa kuchipatala, zina utoto utasupuka, zina zitakutidwa ndi matailosi abuluu kuyambira pansi mpaka padenga, ngati kuti eni ake adatembenuzira bafa kunja. Pansi padali timiyala toyera ndi takuda toyalidwa ndi manja, tosalala ndi mapazi a mibadwo, toterera. Kasitima kachikasu kadatulukira pakona kakulira belu, kakukwera chitunda pakati penipeni pa msewu, kakudutsa pafupi ndi makoma mwakuti adadzipanikiza pachitseko cha eni ake. Pamwamba, kuchokera zenera kufika zenera, adayanika zovala, ndipo pakati pa nsalu zoyala pabedi padalendewera ndi zovala zamkati zomwe, poyera, pamutu pa anthu odutsa. Mayi Evelina adayang'ana kumbali mwamanyazi, n'kutembenuka kuti anene kanthu, koma kudzanja lawo lamanja kudalibe munthu.

Adafika pamalo ena apamwamba pomwe padali mpanda wachitsulo ndi mabenchi. Pansi pawo madenga ofiira adatsetsereka mpaka kumadzi, mtsinje wotambalala ngati nyanja, ndipo chakumadzulo udakalowa m'nyanja yamchere yeniyeni. Pamwamba pa phiri lina padali linga lakale lamiyala. Adaganiza kuti apa ndiye pamene zombo za Apwitikizi zopita kukalanda maiko a eni zidanyamukira, mwina pa tsiku lowala ngati lomweli, anthu akuyanika zovala. Adadikira kuti mtima uwawe chifukwa cha bambo awo, koma sudawawe kwenikweni. Mbalame zoyera zinkangolira mumlengalenga. Anthu onse pamalopo adali awiriawiri, akujambulana. Mkulu wina adawapempha ndi manja kuti amujambule ndi mkazi wake, ndipo adawajambula, n'kubweza foniyo ndi manja awiri.

Chimene chidawakhudza ndi nkhalamba. Ku Indiana okalamba amakhala m'nyumba zotsekera, ndipo iwo ndiwo amasunga makiyi. Kuno adaziona pakhomo, zitakhala pa timipando, zambiri zitavala zakuda, zikusenda nyemba kapena kungoyang'ana odutsa. Adapereka moni kwa gogo wina, atapinda bondo pang'ono. Gogoyo adayankha mawu ambirimbiri, akuloza kumwamba, akuloza bondo lawo, akupukusa mutu. Sadamvane ngakhale liwu limodzi. Adaima choncho kanthawi, kenaka aliyense adamwetulira, ndipo mayi Evelina adapitirira. Madzulo Sophia adawafunsa ngati asangalala. Adati kuli zitunda. Adawafunsanso ngati awayankha amalume a Hamilton. Adati Lamulungu silidafike.

Loweruka masana adakwera mbali ina, kumene timisewu n'topapatiza mwakuti munthu atatambasula manja akhoza kugwira makoma onse awiri, ndipo pena msewu umangosanduka masitepe. Fungo la nsomba zowotcha pamakala lidali ponseponse. Kadontho kabuluu ka m'foni kadayamba kudumphadumpha ngati kasokonezeka nako, ndipo adaibweza foniyo m'chikwama. Atakhota kachitatu kapena kachinayi, adaona nthambi zamasamba aawisi zitagonekedwa mopingasa msewu. Chapatsogolo, mwina mayadi makumi awiri, padali zinanso.

Munthu wobadwira kwathu safunsa tanthauzo la masamba pamsewu. Wapanjinga amatsika, wachipewa amavula, woseka amatseka pakamwa. Pakati pa masamba awa ndi masamba awo pali nyumba imene yagwa maliro. Mayi Evelina adachepetsa liwiro asadaganize n'komwe. Ndipo pomwepo adalimva liwulo. Lidali la mkazi, lokhwima, losasa pang'ono, likukwera ngati likufunsa funso, n'kunjenjemera pamwambapo, n'kugwa. Lidachokera pachitseko chotsekula theka. Chinenerocho sadachidziwe, koma kuliraku adakudziwa. Ndi momwe amalirira mkazi tsiku lachiwiri, mawu atayamba kutha.

Akadatha kudutsa mwaulemu. Koma adaleredwa kuti maliro sasankha mwini, ukawapeza panjira umakhala pansi ngakhale pang'ono. Adaima pambali, adatulutsa chitenje n'kuchimanga pamwamba pa buluku lawo, adamanga duku, n'kulowa atawerama.

Mkatimo mudali mdima, makandulo ochepa akuyaka. Anthu ngati makumi atatu adakhala mopanikizana, onse chete, ena atazyolika, mayi wina akupukuta m'maso. M'makoma mudali zithunzi zambiri za anthu akale. Pakati padaima mayi wachikulire wovala zakuda, nsalu yakuda pamapewa, maso atatseka, manja atafumbata nsonga za nsaluyo pachifuwa. Pambali pake amuna awiri ankakhwacha magitala motsitsa. Magitalawo ndi matambula a vinyo patebulo zidawadabwitsa pang'ono, koma adati mtundu uliwonse uli ndi maliridwe ake, kwawo komwe Angoni amavina ngoma pamaliro ndipo mowa susowa. Bokosi sadalione. Kumapeto kwa chipindacho kudali katani, ndipo adati thupi lili mmenemo.

Mnyamata wamkulu wovala malaya oyera adawalozera mpando. Iwo adawomba m'manja mwakachetechete kukana. Mkazi sakhala pampando panyumba ya siwa. Adavula nsapato, adatsamira khoma, natsika pang'onopang'ono mpaka pansi, miyendo atatambasula.

Adamuyang'ana namfedwayo, ndipo chidawapweteka n'chakuti ankalira yekha. Amayi onsewo adangokhala m'mipando kumuonerera. Palibe womugwira m'chiuno, palibe womulandira mawu kuti apumeko. Nyimbo idakwera, mayiyo adatsegula dzanja limodzi ngati akuitana munthu amene ali kale kutsidya, ndipo mayi Evelina adati ayi, izi sizoona. Adayamba motsitsa, mwa udindo chabe, monga amachitira mkazi aliyense pamaliro a munthu wosamudziwa. Mayo ine, mayo. Adabwereza kachiwiri. Kachitatu mawuwo sadatulukenso monga adawatumira. Adachokera pansi penipeni, adang'amba pakhosi, ndipo adadzimva akuitana dzina.

"A Chester! Bambo a Sophia, mudati milungu isanu ndi umodzi. Mazenera adali a chiyani, bambo? Mwandisiya m'dziko la eni, ndilowera kuti ine?"

Misozi idatsika mpaka m'khosi. Adalira akugwedezeka, akumenya ntchafu ndi zikhatho. Adawauza a Chester za pilo uja, za zakudya zosiyidwa pakhomo, za nyumba ya ku Speedway mmene amadya okha ataimirira. Sadadziwe kuti magitala asiya liti. Wina adachita shii, wina adamuletsa. Pamene adatukula maso, anthu onse adali atawatembenukira, ndipo katani ija idatseguka. Mudatuluka munthu atanyamula mbale ziwiri za nsomba ndi mbatatesi, kumbuyo kwake kukuoneka mapoto ndi sinki.

Mwini malowo, bambo wadazi wodziwa Chingerezi, adagwada pambali pawo n'kufunsa ngati akudwala, ngati aitane ambulansi. Iwo adafunsa kuti wamwalira ndani. Bamboyo adafotokoza mofatsa kuti sadamwalire munthu, ano ndi malo odyera, nyimbozi ndi za makolo awo, amazitcha fado, zimaimbidwa Loweruka lililonse masana, ndipo anthuwa abwera kudzasangalala.

Manyazi amene adawagwira sadawamvepo chibadwire. Adafuna kudzuka, bondo lidakana. Adafuna kuleka kulira, kulira kudakananso. Woimba uja adabwera, adawayang'ana kuchokera pamwamba, n'kufunsa kanthu. Mwini malowo adamasulira: akufunsa kuti ndani.

"Mwamuna wanga."

"Liti?"

"Zaka zitatu ndi miyezi isanu."

Woimbayo adagwedeza mutu ngati wamva mtengo woyenera wa chinthu. Adadziloza pachifuwa, natambasula zala zonse khumi, n'kuwonjeza chimodzi, zaka za umasiye wake. Adawerama, adawagwira mutu ndi manja onse awiri, n'kuutsamiritsa pamimba pake kanthawi kochepa. Ankanunkhira fodya ndi sopo. Kenaka adabwerera pamalo pake, poti anthu adali akudikira, ndipo amuna awiri adawadzutsa mayi Evelina, kuwapatsa nsapato ndi botolo la madzi, n'kuwaperekeza mwaulemu mpaka pakhomo.

Kunja dzuwa lidawathobwa m'maso. Anthu awiri ovala makoti owala ankakweza nthambi zija m'kalole. Pamwamba pa khoma padaoneka mtengo umene adali atangousadza kumene.

Adatsika masitepe angapo n'kukhala pa limodzi, chitenje chikadali m'chiuno. Misozi inkabwerabe, tsopano mwakachetechete, ngati mvula ya mawawa. Alendo ankadutsa mowalambalala, ena akuyang'ana kumbali, ndipo palibe adaima. Pakati pa nyumba ziwiri pankaoneka kachidutswa ka mtsinje uja, chombo choyera chikuwoloka pang'onopang'ono. Adakhala pamenepo mwina ola lathunthu. Kenaka adapukuta zala pachitenje, n'kuimbira a Hamilton.

"Alamu, mwatikumbuka? Ndimayesa Apwitikizi akugwirani chibalo," adatero a Hamilton. Kumbuyo kwawo kunkamveka mbuzi ndi wailesi. "Koma mawu anuwo bwanji? Chimfine cha Azungu?"

"Ndinali pamaliro."

"Kumeneko? Mwafika dzana, mwapeza kale abale? A ndani?"

"A akulu anu."

Wailesi ija idazima.

"Mu August ndibwera," adatero mayi Evelina. "Koma mumve bwino, alamu. Galimoto isakandifikitse pakhomo. Ikanditsitse pamlatho paja."

"Ndi bondo lanulo? Pamlatho ndi kutali, alamu, ndipo chitunda chija simudachiiwale?"

"Ndakwera zoposa chimenecho dzulo ndi lero. Mukawauze alongo anu ndi amayi ena onse kuti ndikayambira pamenepo."

A Hamilton adati amva, akawauza madzulo omwewo. Adafunsa ngati Sophia abwera nawo, ndipo iwo adati sadziwa, mwanayo ali ndi mashifiti ake. Atatsala pang'ono kudula, mlamuyo adayesa kubwezeretsa nthabwala, adati asakaiwale kumubweretsera jekete la ku America poti chaka chino kwazizira ngati kumanda, kenaka adazindikira chimene wanena, napepesa. Mayi Evelina adaseka, mphuno ikutuluka madzi.

Njira ya kuhotela adaipeza pongotsetsereka, poganiza kuti madzi ali kumunsi ndipo hotela ili pafupi ndi madzi. Sophia ataona maso otupawo adada nkhawa, adafunsa ngati wina wawachita chipongwe. Iwo adangoti abukitse tikiti ya ku Lilongwe. Za malo odyerawo adamuuza patapita miyezi, ali kale ku Indianapolis, ndipo mpaka lero sadziwa ngati mwanayo adamvetsa chimene chidawakhazika pansi paja.

Sophia sadapatsidwe tchuthi, choncho adapita okha. Galimoto idawatsitsa pamlatho masana, fumbi la mu August lili kobo. Adaima ndi chikwama chawo chaching'ono, ndipo sadachite kuyesa. Atangoona denga la malata pamwamba pa chitunda, lowala, lokhala ndi mazenera ake onse, mawu adatuluka okha. Amayi adatsika kudzawachingamira, khumi ndi anayi kapena kuposa. Ambiri adali atsikana amene iwo sadawadziwe, obadwa iwo atachoka. Adawagwira m'mapewa, adawalandira mawu, nakwera nawo mpaka kumanda. Mwa amayi aja amene adawaopa malilime kwa zaka zitatu, awiri adawapeza komweko, mumzere umodzi ndi a Chester, mitumbira yawo itamera kale udzu. Adawaliranso iwowo.

Adakhala milungu itatu m'nyumba yatsopanoyo, akugona chipinda chimodzi, zina zonse zili zopanda kanthu, zikununkha simenti. Abale adawafunsa ngati tsopano abwerera kudzakhala. Adati aona. Mu September adali kale pa siteji ya basi ku Lafayette Road, akudikira yopita ku Beech Grove, kumene gogo wina wa zaka makumi asanu ndi anayi adali atakana kusambitsidwa ndi wina aliyense kufikira iwo atabwera.